Mix, add, including: zimene ndaphunzira m'nyumba ndi m'makhitchini a ku Joni

Ndikulembera inu achemwali ndi alongo amene mwangofika kumene kuno ku Joni, ndi inu amene mukusonkhabe ya basi kuti mudzagwire ntchito za m'nyumba, za kukhitchini kapena za m'gadeni. Ine ndinayambira m'nyumba za anthu kumpoto kwa Johannesburg, kuchapa, kusita ndi kulera ana, kenako ndinapeza malo kophika buledi ndi makeke, kumene ndili mpaka lero. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi sipalephera mayi wina kundikokera pambali, foni ili m'manja, kuti ndimumasulire uthenga umene adona ake amulembera pa WhatsApp. Mauthenga ambiri amene amatizunguza mutu amakhala ndi mawu a mtundu umodzi, aja ouza munthu kuti aphatikize chinthu ndi chinzake: "mix", "add", "fold in", "combine", "dilute", "attach", "including", "plus", "as well as". Kusukulu tinawadutsa mothamanga, onse n'kuwaunjika pa kusakaniza ndi kuphatikiza. Pantchito pano, lililonse limafuna kachitidwe kake ka manja. Ena amakhudza malipiro anu, ena amakhudza maso ndi mapapo anu.

Ndiyambe ndi kamawu kakang'ono kwambiri, "to". Adona akalemba kuti "mix the sugar with the flour", zilibe kanthu kuti mwayamba ndi chiti, bola ziwirizo zisakanikirane. Koma akalemba kuti "add the powder to the water", akuuzani ndi njira yomwe. Chimene chatchulidwa pambuyo pa "to" ndicho chimatsogola kulowa m'chiwiya n'kumadikira, chinacho ndiye chimathiridwamo. N'chimodzimodzi ndi nsima: madzi ndiwo amayamba kukhala pamoto, ufa n'kumawatsatira pang'onopang'ono, ndipo palibe mayi amene angadzaze ufa mumphika kenako n'kumathiramo madzi. Mukangogwira zimenezi, mawu ngati "pour into", "stir into" ndi "sprinkle over" sakuvutaninso, chifukwa onsewa akuloza kumene chinthu chikupita.

Inu amene mukulera makanda a eni, nkhaniyi musaitenge mwachibwana. Mkaka wa m'chitini umafuna kuti muyambe mwathira madzi owiritsa m'botolo mpaka pamzere, kenako ufa wa mkakawo, pogwiritsa ntchito kasupuni kamene kamabwera m'chitinimo. Akati "level scoop" ndiye kuti kasupuniko kadzaze koma musalaze pamwamba, pasakhale kachulu. Mukayamba ndi ufa, ufawo umadya malo m'botolo, ndiye pofika pamzere madzi amakhala achepa, mkaka n'kulimba kuposa mmene mimba ya khanda ingathere. Mwana amayamba kudzimbidwa, ndipo thupi lake likhoza kuchepa madzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangizanso kuti pothira ufawo madzi akhale asanazizire kufika pansi pa madigiri 70, popeza mkaka wa ufa ukhoza kukhala ndi tizilombo. Botolo mumaliziziritsa pambuyo pake, mutakhutchumula kale.

Kwa alongo athu a m'gadeni, nyumba zambiri za kuno zili ndi dziwe losambiramo, ndipo tsiku lina abwana adzakupatsani chigubu cha "pool acid". Lamulo lake amalinena motere: "always add acid to water, never water to acid". Asidi ndiye amapita m'ndowa ya madzi, pang'onopang'ono, nkhope mutayang'anitsa kumbali. Mukathira madzi pa asidi pamatentha mwadzidzidzi n'kuthovokera m'manja ndi kumaso. Caustic soda wotsegulira mapaipi otsekeka nayenso amatsata lamulo lomweli.

Palinso mawu amene ndikufuna muziwafufuza pabotolo lililonse musanalitsegule: "do not mix with". Mtsikana wina wa kwathu ku Mulanje, wakhama ndithu pantchito, anauzidwa kuti chimbudzi cha alendo chiwale chifukwa madzulo kukubwera anthu. Anathira mankhwala otsukira m'chimbudzi, aja a botolo la khosi lopindika, kenako n'kuwonjezera Jik pamwamba poganiza kuti zikagwirizana ziwiri ziyeretsa msanga. Bafalo linali laling'ono, zenera lili chitsekere. Asanamalize n'kukwecha komwe, misozi inali chuchuchu, kukhosi kukuwotcha, chifuwa chosaleka. Chinamupulumutsa n'chakuti anasiya zonse n'kuthawira panja. Atandionetsa mabotolowo, chenjezo linalipo, m'tizilembo tating'ono kumbuyo. Jik muli mankhwala otchedwa sodium hypochlorite, ndipo akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine, umene ndi poizoni. Mankhwala ambiri a m'chimbudzi ndi asidi, viniga nayenso ndi asidi. Jik akakumana ndi zotsukira zokhala ndi ammonia amatulutsanso mpweya wina woipa. Chimodzimodzi HTH, mankhwala a chlorine othira m'dziwe, ndi "pool acid": zisagawane ndowa, zisagawane kapu yoyezera, ndipo posunga zikhale motalikirana. Zikakuchitikirani, tulukani kaye, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo kupuma kukamavuta pitani kuchipatala osadikira kuti adona abwere.

Amene mukusamala agogo okalamba mudzakumana ndi "with" yemweyu pa mankhwala. "Take with food" ndi kumwa mankhwala pamodzi ndi chakudya, osati m'mimba muli gwa. "Do not take with alcohol" mudzaiona kawirikawiri pa metronidazole, amene kwathu timangoti Flagyl, ndipo ndi yofunika kuitsatira ngakhale agogowo atakuchondererani kuti kagalasi kamodzi ka vinyo sikalakwa.

Tsopano za muyeso. "Dissolve" ndi kusungunula chinthu chouma m'madzi mpaka chisaonekenso, monga timachitira ndi paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi. "Dilute" ndi kuchepetsa mphamvu ya chinthu chamadzimadzi pochithira madzi. Pamenepa ndi pamene pamabwera liwu lakuti "part", limene linkandidabwitsa masiku oyamba chifukwa palibe chiwiya m'khitchini chotchedwa "part". Liwuli likungotanthauza muyeso uliwonse umene mwasankha, bola musausinthe pakati. "One part vinegar to four parts water" ndi kapu imodzi ya viniga ndi makapu anayi a madzi, kapena chivindikiro chimodzi ndi zivindikiro zinayi. Koma akati "one in ten", khumilo ndi zonse pamodzi: muyeso umodzi wa mankhwala, isanu ndi inayi ya madzi. Makina otchetchera udzu onyamula paphewa ambiri ndi a "two-stroke", amayendera petulo wosakaniza ndi oyilo wake. Pakalembedwa 50:1, ndiye kuti mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, kapena mamililita 20 pa lita imodzi. Mukathira petulo yekha injini imauma n'kugwirana, ndipo nkhani imathera pa kudulidwa malipiro. Onani nambala yolembedwa pamakina anuwo, chifukwa ena amafuna oyilo wochulukirapo.

Kumene mawuwa achulukitsitsa ndi kophika, ndipo kumeneku ndikhalitsako pang'ono chifukwa ndi kumene ndimadyera. Amayi ambiri a kwathu amadziwa kuphika kuposa eni nyumba amene amawagwirira ntchito. Mandasi, zitumbuwa, chigumu, zonsezi timapanga popanda pepala. Koma akakupatsani buku la maphikidwe, keke n'kutuluka yolimba, amaganiza kuti simudziwa kuphika, pamene vuto lagona pa liwu limodzi limene palibe anakufotokozerani.

"Stir" ndi kutakasa ndi supuni kapena mthiko, mozungulira, mosathamanga. "Beat" ndi kumenya mwamphamvu, ngati mmene timachitira mazira okazinga. "Whisk" ndi kumenya ndi kachida ka mawaya kaja kuti mulowe mpweya, mpaka choyera cha dzira kapena kirimu zichite thovu. "Blend" nthawi zambiri akunena makina opera aja, mpaka zonse zisalale. "Knead" ndi kukanda, monga pa buledi ndi mandasi. "Toss" ndi kutembenuzatembenuza mopepuka, monga saladi ndi mafuta ake, kuti masamba asafote. "Sift together" ndi kusefera limodzi fulawa, baking powder ndi mchere m'sefa imodzi. Amenewa savuta, mukaona kamodzi basi.

Ovuta ndi atatu. Loyamba ndi "cream". Akati "cream the butter and sugar together" sakunena kuti muthire kirimu ayi. Akunena kuti mumenye batala wofewa ndi shuga mpaka mtundu usinthe, kuchoka pachikasu chenicheni kufika potuwirako, ndipo ziwoneke zofufuma. Timiyala ta shuga timaboola batala n'kusiyamo timipata ta mpweya, ndipo timipata timeneti ndi timene timadzakweza keke mu uvuni. Batala akhale atatuluka m'filiji kale, wofewa woti chala chikhoza kulowa, koma wosasungunuka. Mukamusungunula pamoto kuti zifulumire, mpweya sugwiramo.

Lachiwiri ndi "rub in", la masikono ndi makeke ena ouma. Apa batala akhale wozizira, wodulidwa tizidutswa. Mumamuponya mu fulawa n'kumafikisa ndi nsonga za zala zokha, manja mukuwakweza m'mwamba pang'ono kuti fulawa azigwera m'mbale, mpaka zonse zikhale nyenyeswa zokhazokha, popanda chibulumwa cha batala. Zikhatho zisagwire ntchito imeneyi chifukwa ndi zofunda, zimasungunula batala, masikono n'kutuluka olemera.

Lachitatu, limene lagwetsa makeke ambiri, ndi "fold in". Mayi wachikulire amene anandiphunzitsa kuntchito kwathu sanandiuze ndi pakamwa, anangoima kumbuyo kwanga n'kundigwira dzanja. Choyera cha mazira chinali chitamenyedwa kale, thovu lili njo. Tinatenga supuni yaikulu yachitsulo, n'kuidula pakati pa mbale kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuikokera m'mbali, n'kunyamula za pansi kuziika pamwamba. Dzanja linalo likuzungulitsa mbale pang'ono. Kudula, kunyamula, kutembenuza, kuzungulitsa mbale, mwakachetechete. Timizere toyera titangotsala pang'ono kutha, anandigwira pamkono kuti ndisiye. Cholinga chake n'chakuti zinthu ziwirizo zilowane koma mpweya umene mwavutika nawo kuulowetsa usathawe. Mukatakasa mozungulira, thovu limaphwa mukuona, ndipo keke imatuluka yaphwatalala.

Pafupi ndi pamenepa pali "mix until just combined", imene mudzaipeza pa mamafini ndi mapanikeke. Liwu lofunika ndi "just": fulawa wouma akangosiya kuoneka, siyani, ngakhale muli timibulu. Ife tinazolowera kuti chosakaniza bwino ndi chosalala, ndiye dzanja limafuna kupitiriza. Fulawa wa tirigu akanyowa n'kumatakasidwa kwambiri amayamba kunyunduka, zimene n'zabwino pa buledi koma zimalimbitsa mafini.

Mawu olumikizira zinthu zimene sizisungunukirana ndiwadutsa msanga, chifukwa chinthucho chikakhala pamaso panu mumadziwa kale chochita. "Sew on" ndi kusokerera, monga batani pa malaya. "Stick" ndi "glue" ndi kumata. "Tie together" ndi kumanga pamodzi, "screw on" ndi kupotokolera mpaka chigwire, "plug in" ndi kulumikiza kumagetsi. Limene muyenera kulidziwa bwino pofunsira ntchito ndi "attach". Akati "attach your CV and references", akufuna kuti mapepalawo apite limodzi ndi uthengawo ngati mafayilo, osati muwalembe m'kati mwa uthenga. Akati "combine into one PDF" kapena "merge", akufuna fayilo imodzi yokhala ndi masamba onse. Musatumize zithunzi khumi zobalalika. Pa makafe a intaneti ambiri amakuchitirani zimenezi ndi ndalama yochepa.

Ndafika pa zimene zimandipweteka mtima kwambiri, za malipiro. Mawu awiri, "plus" ndi "including", amaoneka ngati apachibale, chifukwa onse akuphatikiza chinthu ndi chinzake. Koma "plus transport" ndiye kuti ya thiransipoti ikubwera payokha, pamwamba pa malipiro. "Including transport" ndiye kuti ili kale m'kati mwa nambala imene mwauzidwayo, ndipo mukachotsa ya matekisi ya mwezi wonse mutsala ndi zochepa kwambiri. "On top of" ndi mnzake wa "plus". "Inclusive" ndi "all in" ndi anzake a "including". "Excluding" ndiye kuti chinthucho sichinawerengedwe, ndipo muyenera kufunsa kuti alipira ndani.

Mlamu wanga ndi mkazi wake anapeza ntchito ya banja, imene kuno amati "couple position": bambo m'gadeni, mayi m'nyumba, kogona konkuno. Mabanja a ku Malawi amafunidwa kwambiri pa ntchito zotere chifukwa cha mbiri yathu ya kukhulupirika. Uthenga unatchula ndalama, kutsogolo kwake kuli liwu lakuti "combined". Iwo anamva kuti aliyense azilandira imeneyo, ndipo mwini nyumba sanavutike kuwamasulira, ngakhale ankaona kuti Chingelezi chawo n'chapatalipatali. Kutha kwa mwezi envulopu inabwera imodzi. "Combined salary" kapena "joint salary" ndi malipiro a anthu awiri ataphatikizidwa kale. Liwu limene mukufuna kulimva ndi "each" kapena "per person". Anapirira miyezi ingapo chifukwa analibe kolowera, ana kumudzi akudikira fizi, mpaka anapeza pena.

Kuti muzitha kuyeza nokha ngati nambala imene mwapatsidwa ili yoyenera, dziwani izi. South Africa ili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, pa R20 pa ola. Nthawi imeneyo antchito a m'nyumba anaikidwa pa R15, koma kuyambira Malichi 2022 anawalinganiza ndi antchito ena onse. Mu Malichi 2024 malipirowa anali R27.58 pa ola, mu Malichi 2025 anafika pa R28.79, ndipo amaunikidwanso chaka ndi chaka, choncho muzifunsa nambala yatsopano. Pa R28.79 ya mu 2025 ija, munthu wogwira maola 45 pamlungu ankayenera kulandira pafupifupi R5,600 pamwezi, payekha. Tsono wina akakulemberani kuti, tiyerekeze, R7,000 "combined" ya anthu awiri ogwira tsiku lonse, mwaona kale kuti yaperewera kutali. Lamulo lomweli limanenanso kuti ndalama ya thiransipoti, chakudya, bonasi ndi mphatso siziwerengedwa poona ngati malipiro afika pa muyeso wa boma. Ndiye "including food and transport" si chifukwa choti malipiro enieniwo atsike pansi pa muyesowo. Pa chipinda chogona, malamulo a antchito a m'nyumba amalola kudula ndalama yosapyola 10 peresenti ya malipiro, ndipo chipindacho chikhale chosadontha, cha zenera ndi chitseko chokhomeka, komanso mukhale ndi kosamba ndi chimbudzi. Madandaulo a malipiro amapita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi owalemba ntchito, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere.

Kuphatikiza kwina kumabisala pa ntchito imene mukupatsidwa. Chidziwitso chikati "domestic/nanny", kamzere kopendekeka kaja kakutanthauza ntchito ziwiri pa munthu mmodzi. "Cleaning as well as looking after the children", "cooking along with laundry", "in addition to", "all-rounder", onsewa akuwonjezera katundu pamutu panu. Sindikunena kuti muzikana. Ambiri a ife tagwira ntchito zotere n'kumanga nazo nyumba kumudzi. Koma muzidziwa chimene mukuvomera, muwerenge kuti ndi ntchito zingati zimene zalumikizidwa m'chiganizo chimodzicho, ndipo mtengo wanu muutchule mutawerenga. Kulera khanda la miyezi itatu uku mukuyembekezeka kusita zovala za banja lonse si ntchito ya malipiro amodzimodzi ndi kusesa ndi kukolopa kokha.

Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula timavomera, ndipo kufunsa kawiri kumaoneka ngati mwano kapena umbuli. N'chifukwa chake "yes madam" amatuluka pakamwa tisanamve n'komwe. Eni nyumba ambiri amene ndagwirako ntchito sankakwiya ndi funso, ankakwiya ndi chinthu chowonongeka. Mafunso amene ndimaphunzitsa achemwali Lamlungu ndi afupiafupi, ndipo timawabwereza pamodzi mpaka lilime lizolowere. Pa zosakaniza: "Which one goes in first?" ndi "How much of each?" Pa mankhwala otsukira: "Can I use these two together?" Pa maphikidwe achilendo: "Please show me once." Pa ndalama: "Is transport included, or on top?" ndi "Is that each, or for both of us?"

Yankho la mafunso awiri omalizawo lisathere pakamwa. Pemphani mwaulemu kuti akulembereni pa WhatsApp, nambala yake, maola ake, masiku opuma, ndi liwu lakuti "each" kapena "plus" lioneke ndi maso. Mukatero jambulani uthengawo n'kutumizira m'bale wanu wina kuti akusungireni, chifukwa mafoni kuno amabedwa, ndipo uthenga wa pa WhatsApp mwini wake akhoza kuufufuta.